Makina Ogogoda Ubongo

Tangoganizani, inu owerenga. Mayi ali ndi ana awiri, onse obereka yekha. Tsiku lina anawo atsutsana pamaso pa munthu wamkulu, wina akunena zoona, wina akunama. Mayiyo akuidziwa nkhani yonse kuchokera pamene idayambira, ndipo afunsidwa kuti anene chilungamo. Kodi mukuganiza kuti asankha mwana uti? Yankho lanu lisungeni kaye, timve zimene zidachitika.

1. Pempho la Pulofesa

Mtsikana wa m'nkhani yathu ankatchedwa Mzime chifukwa ndiye adali wotsiriza kubadwa. Adali atangomaliza sukulu ya sekondale. Podikira zotsatira za mayeso, ankathandiza amayi ake ntchito ya utelala pakhonde la nyumba yawo. Iye ndiye ankaika mabatani, kupinda masiketi ndi kusita zovala zosokedwa kale.

Mchimwene wake ankatchedwa Pulofesa. Dzinali adamupatsa ndi amayi ali mwana, tsiku limene adaphwasula wailesi ya m'nyumba n'kulephera kuibwezera. Tsopano adali ku yunivesite, akuchita kafukufuku wa ubongo wa munthu kuti alandire digiri yake yachiwiri. Amayi akamamutchula kwa makasitomala, mawu awo ankakwera okha.

Tsiku lina masana Pulofesa adatulukira pakhondepo akumwetulira, sopo wonunkhira ali m'manja.

"Mlongo wanga, uyu ndi wako. Watopa ndi ntchito, mlongo wanga."

Mzime adamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mwanditchula mlongo wanu kawiri musanakhale n'komwe pansi. Mukufuna chiyani?"

Amayi adaseka uku akupalasa makina. Pulofesa adakoka mpando n'kufotokoza. Makina amene ankagwiritsa ntchito pa kafukufuku wake adali obwereka, ndipo eni ake ankawafuna sabata yomweyo. Padatsala munthu mmodzi kuti chiwerengero cha oyesedwa chikwane. Ophunzira amene adalonjeza kubwera adathawa atamva mphekesera yoti makinawo amayamwa nzeru.

"Nzeru zake ziti?" adafunsa amayi. "Akadakhala nazo sakadathawa."

"Ndiye ndikupempha iweyo, Mzime. Palibe chovuta. Timakuveka chisoti cha mawaya, chisoticho chimamvetsera timagetsi ta mu ubongo, kompyuta n'kumajambula mizere. Zili ngati kujambulitsa chithunzi basi. Ungomasula tsitsi lakoli kuti mawaya akhudze khungu."

"Tsitsi ndaluka dzana lomweli!"

"Ndikulukanso ndine," adatero amayi. "Thandiza m'bale wako."

Pulofesa adatsokomola pang'ono, maso ali pa sopo uja.

"Koma pali kanthu kamodzi. Adokotala amene amatiyang'anira amafunsa aliyense mafunso asanakhale pampando. Akakufunsa ngati unagwapo, uyankhe kuti ayi."

Phazi la amayi lidaima, makina osokera adakhala chete.

2. Zija

M'nyumba imeneyi matendawo ankangowatchula kuti "zija". Dzina lake lenileni, khunyu, palibe ankalitulutsa pakamwa.

Zidayamba Mzime ali ku pulayimale. Adagwa pabwalo la sukulu ana onse ali pamzere, akuphiriphitha, thovu lili kukamwa. Anzake adabalalika akukuwa. Kuyambira tsiku limenelo palibe ankafuna kukhala naye desiki imodzi. Bambo ake adati kwawo kulibe matenda otere, ndi a kuchikazi, ndipo adalongedza sutikesi osabwereranso.

Amene ankamubereka Mzime kumsana kupita naye kuchipatala adali Pulofesa yemweyu. Mtsikanayo adamwa mankhwala zaka zingapo, kugwa kudaleka, ndipo a chipatala adamuuza kuti asiye kumwa. Kenako banja lidasamukira kudera lina kumene kudalibe wowadziwa.

Madzulo a tsiku la pempholo, amayi adamukhazika Mzime pansi pakati pa miyendo yawo n'kuyamba kumumasula tsitsi.

"Amayi, ngati adokotala amafunsa, si ndiye kuti pali chifukwa?"

"Ndi mwambo chabe wa mu ofesi," adayankha Pulofesa ali pakhomo. "Amafunsanso ngati uli ndi chitsulo m'mutu. Uli nacho?"

"Mutu wake wonsewu ndi chitsulo," adatero amayi, akukoka chipeso. Koma sadaseke. Adaweramira kukhutu kwa mwana wawo.

"Tamvera, mwana iwe. Ine ndasoka zovala za anthu mpaka maso awa achita nkhungu, n'cholinga choti inu awiri muziyenda mitu ili m'mwamba. Anthu a kuno sadziwa kanthu. Amabwera pano, amakhala pa benchi iyi, amakupatsa ana awo kuti uwayese m'chiuno. Ukuganiza kuti akamva za zija adzakupatsanso mwana? Waiwala mmene anakuthawira anzako? Waiwala mayi uja amene anataya kapu kudzala chifukwa wamwera iwe, iweyo ukuona? Iwe unali mwana, mwina waiwala. Ine sindinaiwale. Ukauza dokotala wauzanso namwino. Namwinoyo ali ndi mnzake, ndipo mnzakeyo amasoketsa madiresi ake pompano. Mawa udzafuna ntchito. Mkuja udzafuna banja. Nkhani ikatuluka sudzaibwezanso m'nyumba. Zija zinatha, tinazikwirira, usakazifukule pamaso pa alendo. Mchimwene wakoyu anakubereka kumsana dzuwa likuswa mtengo, anzake ali kusukulu. Lero akukupempha liwu limodzi lokha, ayi. Limenelo lakulemera?"

Mzime adagoneka mutu pabondo la amayi ake.

"Ndakufunsa."

"Ndamva, amayi."

3. Chala cha wometa

M'mawa mwake awiriwo adafika ku yunivesite. Adadutsa m'khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera mpaka pa chitseko chomaliza. Pamenepo Pulofesa adamuuza Mzime kuti avule ndolo ndi kuika foni yake m'mbale ya pulasitiki.

Chipindacho chidalibe zenera. Pakati padali mpando waukulu wonga wa dokotala wa mano. Pambali padali kompyuta, ndi bokosi loyera lokhala pa matayala limene linkalira chapansipansi ngati firiji. Kuchokera m'bokosimo mudatuluka chingwe chonenepa, ndipo kumapeto kwake kudali chipangizo chakuda chooneka ngati nambala 8.

Pampando paja padali kale munthu, bambo wonenepa wa mutu wa mpala. Adali wometa tsitsi wa pafupi ndi geti la yunivesite.

"Lowani, achemwali, musaope," adatero. "Adokotala, msiyeni aonerere, aone mmene amuna amalimbira mtima. Ine mutu wanga ndinaukonzeratu, palibe chotchinga."

Adokotala adali mayi wachikulire wa imvi, magalasi awo ali lende pakachingwe. Adagwedeza mutu kuloleza, ndipo Mzime adakhala pakampando ka pakona.

Pulofesa adamuveka wometayo chisoti cha nsalu chokhala ndi timabowo tambiri, bowo lililonse ndi waya wake. M'timabowomo adathira mankhwala oterera ngati phala, pogwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano. Posakhalitsa pa kompyuta padayamba kuyenda mizere yambiri yonjenjemera.

"Phethirani," adatero adokotala.

Wometa adaphethira, mizere ya pamwamba idadumpha.

"Tsinzinani, mupume bwino."

Adatsinzina, ndipo mizere ina idayamba kukwera ndi kutsika mwadongosolo ngati ulusi wa makina osoka bwino. Mzime adatsegula pakamwa. Chinthu chokongola chotere adali asadachionepo.

"Mukuwaona mangawa anga mmenemo?" adafunsa wometa maso ali chitsinzinire. "Za akazi anga musawerenge, chonde."

"Maganizo sitiwaona, bambo," adayankha adokotala. "Timangoona kuti ubongo ukugwira ntchito motani. Tsopano tsekani m'makutu ndi timphira iti."

Adanyamula chipangizo cha nambala 8 chija n'kuchigoneka pamutu pa wometayo, cha kumanzere. Adaponda batani ndi phazi.

Kha!

Chala chachikulu cha dzanja lamanja la wometa chidadumpha chokha.

"Aa! Wachita zimenezo ndani? Ine sindinachitume chala ichi!"

Kha! Chalacho chidadumphanso.

"Adona, samalani! Chala chimenecho ndicho chimagwira lezala. Ndikakadula khutu la kasitomala ndidzamulozera kuno."

Adokotala adaseka n'kutembenukira kwa Mzime.

"Ichi ndi maginito amphamvu, mwana wanga. Tikaponda batani, mphamvu yake imadutsa chigaza n'kudzutsa kachigawo ka ubongo kamene kamalamula chala. Tinganene kuti timagogoda pachitseko, chisoticho n'kumvetsera mmene ubongo ukuyankhira."

Mzime sadaseke nawo. Adaimirira n'kumukodola mchimwene wake kuti atuluke.

"Munati chimangomvetsera," adatero atafika m'khonde.

"Chisoticho chimangomvetseradi."

"Nanga chogogodacho? Mwachisiya dala?"

"Tsitsa mawu, iwe."

"Amayi akudziwa za chimenecho?"

"Amayi sangazimvetse zimenezi."

"Achimwene, ndiyang'aneni. Chimene chija chingandibwezere zija?"

Pulofesa adayang'ana khoma.

"Zimachitika mwa apo ndi apo kwambiri."

"Ndiye kuti zimachitika."

"Papita zaka zambirimbiri usanagwe! Ine ndawerenga mabuku a zimenezi. Iwe wawerenga chiyani, mabatani? Tamvera, makina awa akapita chiwerengero chisanakwane, ine sindimaliza chaka chino. Ukufuna amayi apalasenso makina chaka china ndi maso aja? Ndi kanthawi kochepa chabe. Ukhala pampando, chala chidumpha, tibwerera kunyumba."

Adamugwira pamkono mwamphamvu. Nthawi yomweyo chitseko chidatseguka, wometa adatuluka akupukuta mpala wake ndi thaulo.

"Nthawi yanu, achemwali. Chala changa chabwerera kwa mwini wake."

4. Mafunso a adokotala

Adokotala sadamukhazike Mzime pampando waukulu uja. Adakoka timipando tiwiri, adakhala moyang'anizana naye, mawondo awo atatsala pang'ono kugundana. Pulofesa adaima kumbuyo kwa adokotala, chisoti china chili m'manja.

"Ndisanakufunse kanthu, ndiyambe ndalankhula ine," adatero adokotala. "Mawu awa ndimamuuza aliyense, ngakhale ophunzira anga atopa nawo. Makina awa si oipa. Atiphunzitsa zambiri za mmene ubongo umayendetsera thupi, ndipo zimene tikuphunzira zidzathandiza anthu amene ziwalo zawo zinafooka. Koma makina alibe maso, mwana wanga. Sadziwa kuti pansi pake pali ndani. Amagogoda chimodzimodzi pamutu uliwonse. Ine ndikhoza kuona mizere ya ubongo wako pa kompyuta apo, koma sindingaone zimene zinakuchitikira uli mwana. Zimenezo mwini wake ndiwe. N'chifukwa chake ndimafunsa. Mafunso anga si mwambo wa mu ofesi ayi. Ndiwo chitetezo chokhacho chimene uli nacho m'chipinda muno, ndipo kiyi wake ali pakamwa pako. Ena amabisa chifukwa cha manyazi. Ena amabisa pofuna kusangalatsa amene wawabweretsa. Ndikukuuza lero, palibe digiri, palibe kafukufuku, palibe dzina la yunivesite limene lingafanane ndi mutu wa munthu mmodzi. Ukafuna kutuluka, chitseko ndi icho, ndipo palibe amene akufunse chifukwa. Wandimva?"

"Ndamva."

"Uli ndi chitsulo chilichonse m'mutu kapena m'khutu, choikidwa kuchipatala?"

"Ayi."

"Pali mankhwala amene ukumwa?"

"Ayi."

"Ndiwe woyembekezera?"

"Ayi!"

"Usachite manyazi, ndimafunsa mkazi aliyense. Unavulalapo kwambiri m'mutu?"

"Ayi."

"Unagwapo n'kukomoka, thupi likugwedezeka? Kapena anakuuzapo kuchipatala kuti uli ndi matenda akugwa?"

Kumbuyo kwa adokotala, Pulofesa adapukusa mutu pang'onopang'ono. Milomo yake idaumba liwu lija popanda mawu.

Mzime adayang'ana bokosi loyera lija likulira pakona. Adayang'ana chala chake chachikulu chili phee pabondo. Kenako adadzutsa mutu.

"Inde. Ndinagwapo kambirimbiri ndili mwana. Ndinali ndi khunyu."

Aka kadali koyamba kuti liwu limeneli lituluke pakamwa pake.

Adokotala adaimirira, adapita pa bokosi lija n'kulizimitsa. Kulira kuja kudaleka, m'chipindamo mudangoti zii.

"Zikomo, mwana wanga," adatero pobwerera. "Wachita bwino. Anthu ambiri makina awa sawachita kanthu. Koma ubongo umene unagwidwapo ndi khunyu ukhoza kudzidzimuka ukagogodedwa, munthu n'kugwa pompano. Pa kafukufuku uyu sitilola munthu wotere, ngakhale papite zaka zingati. Ndipo chotsa nkhope yamanyaziyo. Khunyu ndi matenda a ubongo monga mmene mphumu ilili matenda a m'chifuwa. Sapatsirana pa kapu, sapatsirana pa thovu, si tsoka la mtundu wa munthu. Amene anakuuza zina anakulakwira."

Kenako adavala magalasi awo n'kutembenukira kwa Pulofesa.

"Inu. Uyu munati ndi mlongo wanu wa bere limodzi. Munkadziwa?"

Pulofesa adaika chisoti chija pambali.

"Ayi, adokotala. Ndikuzimva lero."

"Mukuzimva lero?"

"Mwana uyu ndi wamantha chibadwire. Waona chala cha bambo aja chikudumpha, ndiye wapeka nkhani kuti athawe. Kwathu kulibe matenda amenewo."

Mzime adadzambatuka, kampando kadagwa chagada.

"Achimwene! Inu? Kwanu kulibe? Amenewotu ndi mawu a bambo tsiku limene ankalongedza sutikesi! Msana wanuwo sunanyowe ndi thovu langa? Si inu munkandiwerengera mapiritsi m'manja, n'kumandinyengerera ndi shuga kuti ndimeze? Dzulo lomweli mwaima pakhomo n'kundiuza kuti ndiname. Panja apa mwavomera ndi pakamwa panu kuti zimachitika. Mumafuna ndigwe pampando uwo kuti chiwerengero chanu chikwane? Ndine mlongo wanu ine, kapena ndine nambala?"

"Mukumuona? Akachita mantha amatero."

"Mwandigula ndi sopo!"

"Basi, nonse awiri," adatero adokotala. Sadakweze mawu, koma onse adakhala chete.

"Mtsikana uyu sakhala pampando uwo, kaya akunena zoona kaya akupeka. Zimenezo zatha. Chatsala ndi cha inu, mnyamata. Ndakuphunzitsani ndekha. Ndinakuuzani tsiku loyamba kuti munthu akakhala pampando uwo wakupatsani mutu wake m'manja, chinthu chimene sangachipereke kwa wina aliyense. Wofufuza amene walakwitsa masamu ndimamukhululukira, timakonza limodzi. Amene wathyola waya ndimamukhululukira. Koma amene akudziwa kuti munthu ali pangozi n'kumuphunzitsa kunama kuti ntchito yake ithe msanga, ameneyo sindingamusiyire makiyi a chipinda chino ngakhale tsiku limodzi. Lero ndi mlongo wanu. Mawa adzakhala mwana wa eni ake amene sadziwa n'komwe kufunsa. Nkhaniyi ndiitengera kwa akuluakulu oona za kafukufuku mawa m'mawa, ndipo nonse mukayankhula pamaso pawo. Akapeza kuti munkadziwa, maphunziro anu athera pomwepo. Akapeza kuti mtsikanayu wakunamizirani, mudzapitiriza ntchito, ndipo ine ndidzakupepesani."

Pulofesa adaloza mlongo wake.

"Alibe umboni, adokotala."

"Ndili nawo," adatero Mzime, misozi yaukali ili m'maso. "Amayi alipo. Iwo ndiwo ankandigwira mutu kuti ndisamenyetse pansi. Afunseni."

"Nkhaniyi ndi ya thupi lako, mwana wanga," adatero adokotala. "Sindingaimbire munthu popanda iwe kufuna."

"Ndiimba ndekha."

5. Foni

Mzime adatenga foni yake m'mbale ija. Adaimbira amayi ake n'kukweza mawu a foniyo kuti onse amve. Adaiika pampando waukulu, pakati pa atatuwo.

Kudamveka kulira kwa makina osokera, ndi mawu a azimayi akucheza pakhonde. Mwana wina ankalira chapatali.

"Mwatha kale?" adafunsa amayi mosangalala. "Azipeza nzeru m'mutumo, kapena angopeza chitsulo?"

"Amayi, mverani. Makina ake si omvetsera okha ayi. Pali ena ogogoda ubongo, ndipo adokotala akuti akanatha kundigwetsa pompano. Achimwene ankadziwa, sanatiuze. Ine ndanena zoona. Tsopano akuti ndikunama, akuti sindinadwalepo. Auzeni adokotala, amayi."

Makina osokera adaima.

"Mayi, muli bwanji?" adatero adokotala. "Ine ndine amene ndimayang'anira ntchito ya mwana wanu wamwamunayu. Pepani pokusokonezani. Ndili ndi funso limodzi. Kodi mtsikana wanuyu anadwalapo matenda akugwa ali mwana?"

Pulofesa adaweramira pa foniyo.

"Amayi, akuti andichotsa sukulu."

"Khalani chete, inu," adatero adokotala.

Ku foni kuja azimayi aja adaleka kucheza. Wina adafunsa chapansipansi kuti, "Kwagwanji, atelala?" Kudamveka kupuma kwa amayi kokha.

Mzime adagwada pafupi ndi mpandowo, tsitsi lake lomasulidwa lili nyankhalala.

"Amayi, ndine. Ingonenani zimene zinachitika."

Amayi adakonza kukhosi. Atayankhula, mawu awo adali aulemu, osalala, omwe aja ankalandirira nawo makasitomala.

"Pepani adokotala, ana akutayitsani nthawi. Mtsikana ameneyo ndi wamantha chabe. Sanadwalepo matenda amenewo chibadwire."

Foni idaduka.

Amayi adasankha Pulofesa.